Fungo la Josiah

Chimfine cha 1957, nthawi ya Chitaganya, chinabwela ndi malole a pamseu waukulu. Chinayambila pa Nyimba pomwe madalaivala ankapumila, kenako chinalowa m'midzi ya kwa Nyalugwe mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi. Lamulungu lina kutchalitchi anthu analephela kumaliza nyimbo chifukwa onse ankangotsokomola.

Eneless chinamugwila ali ndi mwana wa miyezi inayi, dzina lake Keziah. Eneless anali Mchewa. Makolo ake anachokela ku Katete kudzafuna minda, ndipo iye anakwatiwa ndi Josiah Nyendwa, Mnsenga wa komweko, mlimi wa ng'ombe ziwili ndi pulawo, amene anamutenga kukakhala naye kumudzi kwawo. Anagona masiku khumi, thupi lili moto, mutu ukugunda, mphuno zitatsekelatu. Mlamu wake Olipa, mlongo wake wa Josiah, ndiye ankamuphikila phala ndi kumubweletsela mwana kuti ayamwe.

Atadzuka, aliyense anati wachila, ndipo nayenso anaganiza choncho. Mphuno yakumanzele inali yotsekabe, m'mawa ankamina mamina olimba, koma zimenezo ndani amazitcha matenda?

Tsiku lina masana anaika nsawa m'phale kuti akazinge, n'kutuluka kukapeta mapila pakhomo. Anapeta, akuimba chamumtima, mpaka anamva mapazi akuthamanga. Anali Olipa, kuchokela kunyumba kwake kuseli kwa khola.

"Alamu! Mukufuna kutentha mudzi?"

Eneless anacheuka. Utsi wakuda unali tolotolo pakhomo la khitchini. Analowa, napeza nsawa zasanduka makala. Anaima pakati pa utsiwo, maso akutuluka misozi, pakhosi pakukanda, koma m'mphuno munali zii.

"Sindinamve," anatelo.

"Simunamve bwanji? Ine ndamva ndili kuseli kwa nkhokwe yanga!"

Olipa atapita, Eneless anayamba kuyendayenda pakhomopo ngati wotaya singano. Anatsegula botolo la palafini nalifikitsa pamphuno. Ananunkhiza sopo. Anapita kukhola la mbuzi nawelama pamene atonde amagona. Anatenga ngakhale thewela la mwana losachapa. Zonsezo zinali ngati akununkhiza mwala.

Josiah atabwela, Eneless anagwada pafupi naye nati, "Bambo a Keziah, ine sindikumva."

Josiah anadzidzimuka, nafikitsa pakamwa pake pakhutu la mkazi wake. "Nanga pano? Mukundimva?"

"Si makutu ayi. Mphuno. Fungo lililonse latha."

Josiah anaseka, mtima utakhala pansi. "Mphuno basi? Ndiye mwapulumuka inu. Ife tizivutika ndi chimbudzi, inu muli phee."

Eneless anasekako kuti amusangalatse, koma sanaone chosekelapo. Chakudya chinatha kukoma. Mchele ankaumva, tsabola ankamumva kuwawa, koma nkhuku, chigwada ndi nyemba zinali chimodzimodzi, ngati akutafuna nsalu yonyowa. Ndiwo zogona ankapita nazo kwa Olipa kuti amununkhizile ngati zasasa. Mwana akadziipitsila kumsana, ankauzidwa ndi anthu odutsa. Chimene chinkamupweteka kwambili sankachinena: kale akamayamwitsa ankakonda kuika mphuno paliwombo la Keziah, pamene pankanunkhila mkaka ndi tulo. Tsopano ankaikapo mphuno n'kungomva kufunda.

Olipa sanali munthu wokhala pansi pakhomo pakakhala wodwala. Anathyola masamba a bulugamu, a mandimu ndi a chanzi, nawawilitsa mumphika, n'kumufunditsa Eneless bulangete pamwamba pa nthunziyo mpaka thukuta kuyendelela m'zigongono. Mamina ankatuluka, mpweya n'kumadutsa bwino kwa kanthawi. Fungo lokha ayi. Patatha sabata ziwili Olipa anabwela ndi kachitini ka fodya wam'mphuno.

"Chatsekamocho chikufuna kuyetsemula kwamphamvu," anatelo. "Kokani, musaope."

Eneless anali mai wa kutchalitchi, fodya anali asanamukhudzepo. Koma anakoka. Anayetsemula mpaka kuona nyenyezi masana, kenako magazi anayamba kudontha m'mphuno kugwela pansalu yake. Olipa anati amenewo ndi magazi oipa amene amatseka njila. Anabweleza katatu masiku osiyana, ndipo mphuno yakumanzele inatupa kuposa kale.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, anthu anatuluka panja n'kumakoka mpweya, akuti dothi lanunkhila. Eneless anaima nawo, akuona madontho akuboola fumbi, ngati munthu woonelela gule ali patali pomwe ng'oma sizimveka.

Fungo linabwelela kutatsala sabata imodzi kuti Khilisimasi ifike, ndipo kukanakhala bwino likanapanda kubwela.

Tsiku limenelo Josiah anachokela kumunda dzuwa lili pamutu, namasula ng'ombe, nakhala pakhonde n'kupempha madzi. Eneless anagwada kumupatsa chikho. Pomwepo chinthu chinamumenya m'mphuno. Linali fungo la chinthu chakufa.

Choyamba anakondwa, chifukwa mphuno inali itadzuka. Kenako anati ndi khoswe wafela m'denga. Anatulutsa mphasa, mitsuko ndi bokosi la zovala. Anatokosa udzu wa padenga ndi nsungwi. Anasesa, nazila pansi ndi dothi latsopano. Khoswe sanamupeze. Anaitana Olipa kuti adzanunkhize.

"Muno mukungonunkhila dothi lozila kumene," anatelo Olipa. "Kodi paja inu simumva fungo?"

"Ndimayesa ndaona ntchentche," Eneless ananama.

Josiah akapita kumunda, fungolo linkachepa. Akabwela, nalonso linkabwela. Tsiku lachitatu Eneless anazindikila kuti silikuchokela m'denga. Anakumbukilanso kumene analimvapo: pamalilo a amalume ake ku Katete, mwezi wotentha wa Okutobala, pamene anthu anadikila masiku atatu mwana wa malemuwo wochokela ku Halale.

Sizinathele pa Josiah. Mazila okazinga anayamba kumveka chimodzimodzi, anyezi chimodzimodzi, nyama yowotcha chimodzimodzi. Zinthu zina, monga palafini ndi mbuzi, zinali zii ngati kale. Ndiye m'mawa wina, akuyamwitsa, anawelamitsa mutu paliwombo la Keziah mwachizolowezi, n'kulipezanso pomwepo.

Ali mtsikana anamvapo akazi akunong'onezana pamtondo kuti munthu akamva fungo la mtembo pa munthu wamoyo, ndiye kuti wamoyoyo watsala pang'ono kupita, kapena womvayo ndi mmodzi wa aja amadya anzawo. Eneless sankadziwa kuti choopsa kwambili n'chiti pa ziwilizo. Kodi munthu angakhale mfiti mwini wake osadziwa? Nanga ngati ndi imfa, ikubwela kwa bambo kapena kwa mwana, kapena onse? Nanga mazila akukhudzidwa bwanji? Ankapemphela, koma kuuza munthu sakanatha. M'mudzimo anali mlendo, ndipo pakhomo loyandikana ndi lawo anali ataika mwana amene anapita ndi chimfine chomwe chija. Mawu otelo akangotuluka pakamwa, sabwelela.

Motelo anayamba kuchita zinthu zimene Josiah sanazimvetse. M'mawa ankamufunsa kawili katatu kuti wadzuka bwanji, n'kumuyang'anitsitsa m'maso ngati akufuna kupezamo matenda. Ankamuletsa kupita kumtsinje madzi akadzaza. Koma Josiah akangosendela pafupi, iye ankabwelela m'mbuyo atagwila mpweya. Malaya a mwamuna wake ankawachapa kawili patsiku mpaka kolala inayamba kung'ambika. Mphasa yake anaisamutsila pafupi ndi chitseko. Mwana ankamuyamwitsa nkhope atailozetsa kumbali.

"Amake Keziah, ndakulakwilani chiyani?" Josiah anafunsa tsiku lina akuchokela kopalila.

"Palibe."

"Nanga bwanji mumandipatsa madzi mutatembenuka, ngati mukupatsa wakhate?"

"Kasambeni, madzi ndaika kale."

"Ndasamba m'mawa. Mailo ndinasamba katatu. Mukufuna ndisanduke nsomba?"

Josiah anatenga chipewa chake napita kukadya kwa Olipa. Kuyambila tsiku limenelo ankadya komweko kawilikawili.

Zinafika poipa Lamulungu lina mu Malichi. Kunja kunali mvula, tchalitchi chinadzaza, ndipo anatseka chitseko ndi mawindo chifukwa cha mphepo. Anthu anali onyowa, othithikana, mwana ali pamiyendo. Eneless anapilila nyimbo yoyamba ndi pemphelo. Ulaliki uli pakati anaponya Keziah m'manja mwa Olipa, nathamangila panja, nasanza patsinde pa khoma azimai onse akuona pazenela.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utagwilizana kuti Eneless ali ndi pakati, mwana asanayambe n'kuyenda komwe. Olipa ndiye anafikitsa nkhaniyo kwa mlongo wake, ndipo anaifikitsa mokalipa.

"Achimwene, simukanadikila? Mwanayu mumuwononga."

Josiah ankadziwa chimene Olipa sankadziwa, kuti chibadwile Keziah iye ndi mkazi wake anali asanagonepo mphasa imodzi. Poyamba unali mwambo wa mwana wakhanda, kenako matenda, kenako izi zomuthawa. Anapita kunyumba kwake napeza Eneless akusenda maungu.

"Mailo tipita ku Petauke," anatelo. "Akakuoneni achipatala, ndikamve kwa iwo."

"Sindili ndi pakati, bambo a Keziah."

"Ndiye muli ndi chiyani?"

Eneless anapitiliza kusenda maungu.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka pa Nyimba, mwana ali kumsana, Josiah patsogolo. Basi yopita ku Fort Jameson, yodzela ku Petauke, inafika dzuwa litakwela. Eneless anakhala pazenela natulutsa nkhope kunja. Pamenepo kunachitika chinthu china chomusokoneza: utsi wa basiyo, umene anthu ena ankautsekela mphuno ndi nsalu, kwa iye unanunkhila ngati masuku akupsa. Anaukoka ndi mtima wonse, kenako anachita mantha. Munthu wanji amene utsi wa galimoto umamukomela, mwana wake n'kumamununkha?

Kuchipatala cha pa boma, namwino anamutengela kuseli kwa nsalu, namupima, namufunsa za masiku ake. Anatuluka nauza Josiah kuti mimba palibe. Josiah anavula chipewa navalanso. Sanadziwe ngati akondwe kapena ayi, pakuti funso lake linali lomwe lija. Namwinoyo anawatumiza kwa a Njovu, mthandizi wa dokotala, bambo wa imvi za m'mbali amene anthu a kumidzi ankangowatcha dokotala.

"Amai, mumasanza mukadya chiyani?" anafunsa a Njovu.

"Si chakudya. Ndi fungo."

"Mkazi wangayu samva fungo," Josiah analowelela. "Linatha ndi chimfine chija."

"Ndinayambanso kumva," anatelo Eneless motsitsa mawu.

"Liti? Osandiuza ine?"

A Njovu anakweza dzanja kuti Josiah adikile. "Fungo la chiyani, amai?"

Eneless anayang'ana simenti ya pansi. Kunali kutali ndi kumudzi, ndipo anali atatopa. "La malilo."

"Mumalimva kuti?"

"Pa iwowa. Ndi pa mwanayu."

Josiah anaimilila, mpando n'kugwa kumbuyo kwake. Nayenso anakulila m'mudzi, nkhani za pamtondo anazimvapo. "Ndiye kuti ine ndapita kale?"

A Njovu sanaseke. Anadzuka, nafika pafupi ndi Josiah, nanunkhiza malaya ake paphewa. Kenako anawelama nanunkhiza mutu wa Keziah.

"Inu mukununkha thukuta ndi fumbi la m'basi. Mwanayu mkaka, ndi mkodzo pang'ono. Dzutsani mpandowo mukhale pansi, a Nyendwa."

Anatenga tochi ndi kachitsulo kotsegulila mphuno, nauza Eneless kuti akweze chibwano. Anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzele nthawi yaitali.

"Munaikamo chiyani muno?"

"Fodya."

A Njovu anapukusa mutu. Anafotokoza kuti akuona zinthu ziwili. Choyamba, mnofu wam'kati mwa mphuno watupa ndipo kuseli kwake kukudikha mamina, motelo mpweya sufika bwino kumwamba kumene fungo limamvekela. Chimenecho chili ndi mankhwala. Chachiwili sichioneka ndi tochi: chimfine chija chinavulaza malo omvela fungowo, ndipo chimenecho mankhwala ake iwo alibe.

"Sindinu oyamba," anatelo. "Chithele chimfinecho ndaona anthu anayi. Dalaivala wina tiyi amamununkha tayala lopsa. Mkazi wa mphunzitsi wina anasiya kudya nsomba, akuti zikumveka ngati utoto. Onsewo anayamba ndi kusamva kalikonse, kenako fungo linabwela lokhotakhota."

"Ndiye ndikuchila kapena ndikudwalilatu?" anafunsa Eneless.

"Mwina mphuno ikudzuka, koma ikulakwitsa maina a zinthu, ngati munthu wodzidzimutsidwa kutulo. Ndikuti mwina. Ena amachila, ena amachila theka."

"Nanga bwanji yasankha malilo?"

"Chimenecho sindikudziwa, amai."

Anamupatsa kabotolo ka mankhwala odonthezela m'mphuno, namuchenjeza kuti awagwilitse ntchito sabata imodzi yokha, chifukwa akapitiliza mphuno imatsekanso kuposa poyamba. Anamuphunzitsa kuwilitsa madzi, kuthilamo mchele wotsina ndi zala, kudikila afunde, kenako kuwakoka ndi mphuno kuchokela pachikhatho n'kumina pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo. Nthunzi ya masamba anati apitilize ngati imamupepukitsa. Fodya ayi, ngakhale atabweletsa ndani. Kutupako kukapanda kutsika pakatha mwezi, abwelenso kuti dokotala adzaone.

Ali pakhomo kutuluka, a Njovu anawaitananso. "Ichi sichili m'buku, ndinachimva kwa mkazi wa mphunzitsi uja. Iye amatenga khungu la ndimu m'mawa uliwonse, n'kumalinunkhiza akukumbukila mmene ndimu imanunkhilila. Akuti zikumuthandiza. Kaya ndi ndimuyo, kaya ndi masiku chabe, ine sindinganene. Koma ndimu siipweteka munthu."

M'basi yobwelela anadutsa milatho iwili. Kenako Josiah analankhula osamuyang'ana mkazi wake.

"Miyezi itatu mukundimva ngati mtembo, n'kumandiphikilabe?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa ine, kapena kuopela ine?"

Eneless anaganiza. "Sindikudziwa. Ndinkadziopanso ndekha."

Anagwilizana kuti kumudzi akangonena kuti ndi matenda a m'mphuno, za malilo asatchule. Olipa atamva anagwila m'chiuno.

"Matenda a m'mphuno osanzitsa? Mphuno ndi mimba zinayamba liti kuyendelana?"

Azimai ena anapitiliza kuyang'ana pamimba pa Eneless mpaka nthawi yokolola, ndipo poona kuti sipakukwela anatopa okha.

Eneless anachita zonse zimene anauzidwa. Madzi a mchele ankamutsamwitsa masiku oyamba, kenako anazolowela. Pofika sabata yachitatu mphuno yakumanzele inatseguka, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokele Ogasiti anapuma ndi mphuno zonse ziwili pakamwa atatseka. Pakhonde anaikapo kambale ka khungu la ndimu, tsamba la bulugamu ndi kachidutswa ka sopo. M'mawa uliwonse ankakhala pamenepo maso atatsinzina, akununkhiza chimodzichimodzi. Anthu odutsa popita kuchitsime ankamupatsa moni mokayika. Ena ankati ndi mankhwala a Achewa, ena ankati ndi mapemphelo atsopano.

Kwa mwezi wathunthu ndimuyo inali zii. Mwezi wachiwili inayamba kumveka ngati chitsulo. M'mawa wina mu Juni, kukuzizila, anamva kandimu pang'ono, patali, ngati munthu woitana ali kutsidya la mtsinje. Anakokanso mpweya mwamphamvu, koma kanali katathawa. Kanabwelanso patapita masiku anayi.

Zinthu zinabwelela mosatsata dongosolo. Utsi wa nkhuni unabwela bwinobwino, sopo anabwela theka. Mazila ndi anyezi sizinasinthe, ndipo sanazidyenso moyo wake wonse. Fungo loipa lija linachoka pa Keziah nthawi imene mwanayo anayamba kuyenda, koma linasiya mutu wake ukungomveka fumbi ndi dzuwa, ngati wa mwana aliyense wosewela panja. Olipa ankauza anthu kuti mlamu wake anachila ndi nthunzi ya masamba ake. Josiah ankati ndi kabotolo ka ku Petauke. Azimai a kutchalitchi ankati ndi pemphelo. Akafunsa Eneless, iye ankayankha kuti sakudziwa ngati wachila n'komwe.

Pa Josiah ndi pamene mphunoyo inachedwa kwambili. Fungo la malilo linayamba kuchepa nyengo yozizila, koma m'malo mwake munkabwela zina, lelo ichi, mailo icho. Josiah anasiya kudya kwa Olipa, ndipo anapeza chizolowezi chake. Akachokela kumunda ankaima pakhomo, navula chipewa, n'kufunsa.

"Amake Keziah, lelo ndine chiyani?"

Eneless ankasendela, nanunkhiza, n'kunena zoona. "Khasu lonyowa." Tsiku lina, "Nyemba zopselela." Likakhala tsiku loipa ankangopukusa mutu, ndipo Josiah ankadyela pakhonde osadandaula.

Madzulo ena mu Okutobala, chaka chitapitilila chidwalile, Josiah anabwela kuchokela kokonza goli la ng'ombe, naima pakhomo nafunsa funso lake. Eneless anasendela, nanunkhiza paphewa. Ananunkhizanso pakhosi. Silinali fungo loipa, komanso silinali la khasu kapena la nyemba. Anafufuza m'mutu mwake chinthu chofanana nalo, osachipeza.

"Nanga?" anatelo Josiah.

"Sindikudziwa. Mwina ndinu."

"Mwina?"

"Ndaiwala mmene munkamvekela kale."

Josiah anakanda m'mutu, nayang'ana mkazi wake, nayang'ana chipewa chili m'manja. "Ndiye ndilowe, kapena ndikhale pakhonde?"

Eneless ananunkhizanso kachitatu, nasuntha pakhomo kuti adutse.